Webusaiti ya nkhuku m'Chichewa: ndalama zake zili pati?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Dedza ndipo ndimaweta nkhuku. Chaka chatha mwana wa achimwene anandikonzera webusaiti pa Blogger (malo aulere a Google opangirapo mawebusaiti), pomwe ndimalembapo za ulimi wa nkhuku m'Chichewa. Pamwezi pamabwera anthu pafupifupi 3,000. Anzanga akuti ndiikepo zotsatsa malonda za Google ndiyambe kulandira madola. Kodi n'zoona? Malipiro sakukwana, ndikufuna kupeza kangachepe kapadera."

Yankho: Mayi, anzanuwo sakunama, koma akuuzani theka la nkhani. Chimene akunenacho ndi AdSense, ndondomeko imene Google inayambitsa mu 2003. Mwini webusaiti amapereka malo pa masamba ake, Google imaikapo zotsatsa malonda za makampani osiyanasiyana, kenaka amagawana ndalama, mwini malo n'kutenga pafupifupi 68 pa 100 iliyonse. Kunjaku alipo ambiri amene amadyera pamenepo. Koma pa webusaiti imene mwafotokozayi, ndinene mosapsatira: AdSense ndiyo ingakupatseni zochepa kuposa njira zina zonse, ndipo n'kutheka kuti singakuloleni n'komwe kulowa.

Chopinga choyamba ndi chilankhulo. Google ili ndi mndandanda wa zilankhulo zimene imalola pa AdSense. Chingerezi chilipo, Chipwitikizi chilipo, Chifalansa ndi Chiarabu ziliponso, koma Chichewa palibe. Malamulo ake amaletsa kuika zotsatsa zawo pa masamba amene mawu ake ambiri ali m'chilankhulo chomwe sichili pamndandandawo. Ndiye mukafunsira lero, musadabwe akakukanani. Ena amazemba poika nkhani zingapo za Chingerezi pamwamba kuti awalole, kenaka n'kumwaza zotsatsazo pa masamba a Chichewa. Kumeneko n'kuphwanya lamulo lawo, ndipo tsiku limene adzatulukire palibe woti mukamudandaulire.

Koma tiyerekeze kuti akulolani, tiwerengere limodzi. Kuyambira kumayambiriro kwa 2024, Google imalipira makamaka potengera kuchuluka kwa nthawi zimene chotsatsa chaoneka, osati kudina kokha monga kale. Mtengo wake umadalira kumene wowerenga ali. Kampani ya inshuwalansi kapena yogulitsa magalimoto imalimbirana wowerenga wa ku London kapena ku Johannesburg, chifukwa akhoza kugula pompo ndi khadi la kubanki. Wowerenga wa ku Linthipe kapena ku Mayani, ali ndi kafoni ka itel m'manja, makampani omulimbirana pa Google ndi ochepa kwambiri, choncho mtengo wake umatsika. Kwa owerenga a kuno, masamba 1,000 akatsegulidwa, kawirikawiri ndalama yake sifika dola imodzi. Tiyeni tikomere mtima, tiike dola yathunthu. Anthu anu 3,000 aliyense atatsegula masamba awiri, ndi masamba 6,000, ndiye madola 6 pamwezi. Pa mtengo wa kubanki wa pafupifupi K1,750 pa dola, womwe wakhalapo kuyambira mu 2024, imeneyo ndi K10,500. Ndalama ya bandulo imene mumalembera nkhanizo mwina ikuposa pamenepo.

Ndipotu K10,500 imeneyo simuigwira mwezi ndi mwezi. Google situmiza ndalama zisanakwane madola 100, ndiye pa madola 6 pamwezi mudikira miyezi 17. Musanafike kumeneko, zikangokwana madola 10 amakutumizirani kalata yokhala ndi nambala yachinsinsi kudzera ku positi ofesi, kuti atsimikize keyala yanu. Ambiri kwathu kuno timagwiritsa ntchito bokosi la sukulu kapena la tchalitchi, ndipo kakalata kameneko n'kosavuta kugona miyezi pansi pa mulu wa makalata a ku ofesi ya maphunziro pa tebulo la ahedi. Mukapanda kulowetsa nambalayo m'miyezi inayi, zotsatsa zimasiya kuoneka. Zonse zikatheka, ndalama imatumizidwa pakati pa 21 ndi 26 mwezi wotsatira, imafikira kubanki, banki imasintha pa mtengo wake n'kudulapo zake.

Pa WhatsApp pali magulu a "dina langa, ndidine lako", komanso anyamata ogulitsa maakaunti a AdSense amene amati ndi ovomerezedwa kale. Musayandikireko. Makina a Google amazindikira msanga kudina kwachinyengo, amatseka akaunti, ndipo ndalama zimene zinali m'menemo zimabwezedwa kwa otsatsa. Ngakhale kuuza ana a kwanu kuti azidina kuti akuthandizeni ndi mlandu womwewo.

Mwina mukuganiza zongosintha n'kuyamba kulemba m'Chingerezi. Ine sindingakulimbikitseni. Nkhani za ulimi wa nkhuku m'Chingerezi zadzaza intaneti, zolembedwa ndi mayunivesite, makampani opanga chakudya cha ziweto, alimi a ku Kenya, Nigeria ndi India. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2024 Google inayamba kumayankha yokha mafunso ambiri pamwamba penipeni pa tsamba lofufuzira, moti munthu amapeza yankho osatsegula webusaiti ya wina aliyense. M'Chichewa muli nokha kapena muli ochepa. Munthu akalemba pa Google kuti "mankhwala a chitopa" kapena "chakudya cha anapiye chopanga wekha", masamba omuyankha bwino ndi owerengeka. Mwayi wanu wagona pamenepo.

Tsono taganizirani za anthu 3,000 amenewa. Ndi ndani? Amene amafufuza za chitopa 10 koloko usiku si wongocheza ayi. Nkhuku zake zikuodzera m'khola, ziwiri zafa kale, mawa m'mawa ali ndi ndalama m'manja kusakasaka chithandizo. Amene akuwerenga za kuweta nkhuku 100 za nyama wangolandira kumene ndalama ya banki mkhonde ndipo akufuna anapiye, chakudya, zomwera ndi katemera. Kwa Google munthu ameneyu ndi wa mtengo wotsika. Kwa mwini sitolo ya zipangizo zaulimi pa Dedza boma, kapena woswetsa anapiye ku Lilongwe, ameneyu ndiye kasitomala amene akumufunafuna tsiku lonse. Ntchito yanu ndi kuwakumanitsa awiriwa, inu n'kudyapo pakatipo. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Makwacha a pafupi ndi anu kuposa madola amene mukuwamvera m'kamwa mwa anzanu.

Kachitidwe kake ndi aka. Lowani mu Blogger, pamene pamaonetsa chiwerengero cha owerenga, ndipo ngati simunalumikize Google Analytics ndi Google Search Console, zida za Google zoonetsa za owerenga anu, lumikizani, zonse ndi zaulere. Search Console idzakuonetsani mawu enieni amene anthu amalemba asanafike kwa inu, ndipo mudzaseka poona mmene amasakanizira, monga "mikolongwe price" kapena "gumboro mankhwala ake". Lembani pa pepala limodzi lokha: anthu angati pamwezi, akuchokera mayiko ati, nkhani zisanu zimene zimawerengedwa kwambiri. Sindikizani pepalalo, valani bwino, pitani nokha kusitoloko. Kutumiza uthenga pa foni sikuthandiza kwenikweni, eni mabizinesi kwathu kuno amakhulupirira nkhope. Musayambe ndi mawu akuluakulu a zamakompyuta. Muuzeni kuti, "Bwana, anthu awa amawerenga za katemera kwa ine, koma ndikamaliza kuwafotokozera sadziwa kokagula. Ndikufuna ndiziwatumiza kwa inu."

Funso lake lidzakhala lakuti, ndidziwa bwanji kuti anthuwo achokera kwa inu? Yankho mukhale nalo kale. WhatsApp imalola kupanga linki yoyamba ndi wa.me, yotsatana ndi nambala ya sitoloyo, ndipo mukhoza kuikiratu mawu oti azioneka munthu akangodina. Mwachitsanzo: "Ndaona pa webusaiti ya Aphunzitsi, ndikufuna anapiye." Uthenga uliwonse woyamba ndi mawu amenewa ukafika pa foni yake, mwini sitolo akudziwa kumene wachokera, ndipo inunso mukhoza kumupempha kuti muwerengere limodzi kumapeto kwa mwezi. Mwezi woyamba mupatseni pa mtengo wotsika kuti aone yekha. Akaona, ndiye mukambirane bwino.

Malipiro ake ali pawiri. Mukhoza kugwirizana ndalama yokhazikika pamwezi, yoperekeratu, kapena komishoni pa chilichonse chogulidwa. Ndimakonda yokhazikika kwa munthu amene simukumudziwa bwino, chifukwa komishoni imafuna kuti winayo akhale woona mtima polemba m'kope lake. Koma komishoni ikayenda imaposa. Tingoyerekeza kuti mwagwirizana K50 pa mwanapiye aliyense. Wogula anapiye 100 wakubweretserani K5,000. Ogula anayi okha pamwezi, mwa anthu 3,000 aja, ndi K20,000, pafupifupi kuwirikiza kawiri ija ya AdSense, ndipo yalowa mu Mpamba kapena Airtel Money yanu mwezi womwewo. Pofuna kudziwa mtengo woyenera kutchula, funsani kuti wailesi ya m'dera lanu imalipiritsa zingati pa uthenga umodzi wamalonda, chifukwa mwini sitolo adzayerekeza ndi zimenezo. Mgwirizano uliwonse ulembedwe, ngakhale pa kapepala kamodzi kosainirana.

Mudzamva ena akutchula Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti, yomwe inayamba kupereka komishoni kwa eni mawebusaiti mu 1996. Nzeru yake ndi yomweyi, koma owerenga anu sagula zomwera nkhuku ku Amazon, ndiye isiyeni.

Ndalama yokoma kwambiri, m'kuona kwanga, ndi ya zinthu zanuzanu. Ndinu mphunzitsi, kukonza phunziro kuti munthu alimve ndi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, chinthu chimene alimi ambiri odziwa nkhuku sangathe. Sonkhanitsani zimene mwalemba kale mupange kabuku ka PDF ka masamba 20 kapena 30: kuweta nkhuku 100 za nyama kuchokera tsiku loyamba mpaka masabata 6, matumba angati a chakudya cha starter, grower ndi finisher, makala ofunditsira anapiye, tsiku la katemera aliyense, ndi bajeti yonse m'makwacha. Bajetiyo ndiyo anthu amaifuna koposa, chifukwa ambiri amalowa mu geni imeneyi osawerengera n'kupezeka chakudya chawathera sabata lachinayi.

Dziwiranitu kuti kabukuko kadzabedwa. Mudzagulitsa kwa munthu mmodzi Lolemba, pofika Lachisanu kali m'magulu a WhatsApp a mpingo ndi a ma alumni. Musataye nthawi kulimbana nazo. Ikani dzina la webusaiti ndi nambala yanu ya bizinesi pansi pa tsamba lililonse, kuti kulikonse kumene kafike kazikutsatsani. Mtengo ukhale wotsika, woti munthu asaone chifukwa chopemphera kwa mnzake. Ndipo muzigulitsa chimene sichingatumizidwe kwa wina, chomwe ndi inuyo: wogula kabuku alowe m'gulu la WhatsApp la miyezi iwiri, momwe angatumize chithunzi cha khola lake kapena zitosi za nkhuku zake n'kufunsa. Mitengo ya chakudya imasintha pafupipafupi, ndiye bajeti yatsopano muziipereka kwa olipira okha. Pa holide mukhoza kuchititsa maphunziro a tsiku limodzi pakhola panu, anthu khumi kapena khumi ndi asanu, olipira polowa. Osaiwalanso mazira anu, anapiye anu a Mikolongwe, ngakhale manyowa. Webusaiti imene ikuphunzitsa za nkhuku koma osanena kuti mwini wake akugulitsa thireyi ya mazira ikutaya ndalama poyera.

Mukayang'ana mayiko amene owerenga anu akuchokera, n'kutheka mudzapezamo South Africa, Zambia ndi Mozambique. A ku Chipata, Katete kapena Angonia amamva Chichewa chanu bwinobwino. Koma amene ndikufuna muwaganizire kwambiri ndi abale athu a ku Joni. Ambiri amatumiza ndalama kumudzi kuti mkazi, mayi kapena mng'ono ayambe ulimi wa nkhuku, ndipo nkhawa yawo ndi imodzi: kodi ndalamayo ikugwira ntchito yake? Munthu wotere ndi wokonzeka kulipira wina wodalirika kuti amukonzere bajeti, aphunzitse m'bale wakeyo, ndi kumamufunsa mmene zikuyendera. Amatumiza kudzera ku Mukuru kapena njira zina zomwe amagwiritsa kale ntchito. Lembani nkhani imodzi yolankhula ndi iwowo mwachindunji, muone.

Pa kalandiridwe ka ndalama musadzivutitse pachiyambi. Airtel Money, TNM Mpamba ndi akaunti ya kubanki zikukwanira. Khalani ndi nambala yapadera ya bizinesi, kuti ndalama za geni zisasakanikirane ndi za ndiwo, komanso kuti anthu asamakuimbireni muli m'kalasi. Musatumize kabuku chifukwa choti munthu wakuonetsani screenshot kapena mwalandira uthenga wooneka ngati wa ku Airtel kapena TNM. Akathyali amalemba okha mauthenga otere. Yang'anani balansi yanu kaye. Ogula akadzachuluka moti simukukwanitsa kutumizira mmodzimmodzi, alipo makampani a konkuno monga PayChangu amene amalumikiza malipiro a pa foni ndi a khadi ku webusaiti, koma zimenezo n'zamtsogolo.

Pali chinthu china chimene olemba ambiri amachiiwala. Amalawi amene amagwiritsa ntchito intaneti sakwana mmodzi mwa atatu aliwonse, ndipo mwa iwowo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha. Mukawatumizira linki, sitseguka. Choncho webusaiti payokha siyenda. Tsegulani tsamba la Facebook ndi WhatsApp Channel, muziikapo mfundo zenizeni zoti munthu apindule ngakhale osadina linki, ndipo nambala yogulira izioneka pomwepo. Webusaiti ikhale pamene nkhani zonse zikusungidwa mwadongosolo komanso pamene Google ikukupezerani alendo atsopano. Zithunzi muzizichepetsa musanaziike. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni chimatha kulemera ma MB atatu kapena anayi, ndipo munthu amene data yake ndi yowerengera sabwereranso pa tsamba limene lamudyera bandulo.

Tsopano za umwini, ndipo apa mundimvetsetse. Mwati anakukonzerani ndi mwana wa achimwene. Kodi akaunti ya Gmail imene inatsegulira webusaitiyo ndi ya ndani? Ngati ndi yake, webusaitiyo ndi yake, kaya nkhani zonse munalemba ndinu. Sindikunena kuti mwanayo ndi woipa ayi, koma mafoni amatayika, mapasiwedi amaiwalika, ana amapita ku Joni, ndipo ndalama zikayamba kulowa ubale umayesedwa. Blogger imalola kuwonjezera munthu wina ngati woyang'anira wamkulu. Khalani naye pansi sabata ino, aike Gmail yanu, ndipo nambala yobwezeretsera pasiwedi ikhale yanu.

Pa Blogger khalanipo, musathamangire kusamuka. Ndi yaulere, ndipo pa zimene mukuchita ikukwanira. Chimene mungagule ndi dzina lanulanu la webusaiti, lomwe amati domain, kuti kumapeto kusamakhale blogspot. La .com limakhala pakati pa madola 10 ndi 15 pachaka, la .mw limalembetsedwa kudzera ku bungwe la Malawi SDNP. Nalonso lilembedwe m'dzina lanu. Adzabwera ena kukuuzani kuti musamukire ku WordPress, njira ina yopangira webusaiti, ndi kulipira hosting (malo osungirapo webusaiti), ma theme (maonekedwe a masamba) ndi zina. Kumbukirani kuti zambiri mwa zimenezo mtengo wake ndi wa madola pamene inu mukulandira makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunjaku mabanki amaika malire pa zimene khadi lingalipire kunja. Hosting yambiri imatchipa chaka choyamba chokha, chachiwiri mtengo umalumpha. Ngati mudzafunedi kusamuka, funani kampani ya konkuno yolandira makwacha.

Owerenga akamachuluka mudzayamba kulandira mauthenga ochokera kwa amene simunawaitane: makampani a juga, obwereketsa ndalama za katapila, ogulitsa mankhwala ochiza chilichonse. Amenewa amalipira bwino kuposa sitolo ya pa boma, ndipo mwezi ukakhala patali mtima umagwedezeka. Ine ndingati akaneni. Ndinu mphunzitsi, makolo ndi ana a sukulu amawerenga zimene mumalemba, ndipo chimene mukugulitsa kwenikweni n'chakuti anthu amakukhulupirirani. Pa nkhuku pomwepa pali msampha wina. Chitopa chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, chilibe mankhwala ochiza, chimangopewedwa ndi katemera, monga wa I-2 wodonthezera m'diso amene amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Wina akabwera ndi botolo lake kuti mulitsatse ngati lochiza chitopa, mukalola, mlimi amene nkhuku zake zithe adzatukwana inu, osati mwini botolo. Nkhani iliyonse imene mwalipidwa kuti mulembe, nenani pamwamba kuti ndi yolipiridwa. Ndipo pa milingo ya mankhwala, atumizeni anthu kwa alangizi a ziweto a m'dera lawo.

Za malamulo ndingodutsamo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limafuna kuti wofalitsa nkhani pa intaneti aonetse poyera dzina lake ndi njira yomupezera. Lamulo la Copyright la 2016, lomwe amaliyang'anira a COSOMA, limateteza zithunzi ndi nkhani za ena, choncho jambulani nkhuku zanu, musatole zithunzi za m'manyuzipepala. Popeza muzisunga manambala a foni a ogula, dziwani kuti kuli lamulo la Data Protection la 2024, ndipo kugulitsa kapena kugawa manambalawo eni ake osadziwa kungakuikeni m'mavuto. Ndalama ya geni imakhoma msonkho, ndipo kampani yokhazikika isanakulipireni idzakufunsani TPIN, nambala yanu ya msonkho ya ku MRA, mwinanso kudula msonkho pa malipirowo. Kope lolembamo zolowa ndi zotuluka liyambe pa kwacha yoyamba. Zonsezi muzichita madzulo ndi Loweruka, osati nthawi ya kalasi kapena pa kompyuta ya sukulu.

Ngati mukufuna nthawi yabwino yoyesera, yang'anani kalendala ya alimi anzanu. Nkhuku za nyama zogulitsa pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano zimalowa m'khola kumayambiriro kapena pakati pa Novembala, ndiye anthu amayamba kufunsa mitengo ya anapiye ndi chakudya mu Okutobala. Kabuku kanu kakhale katatha pofika kumapeto kwa Seputembala, ndipo kwa woswetsa anapiye mupiteko mwezi womwewo, asanadzaze maoda ake.